Kadontho Kamodzi Basi

Pachipatala cha ku Ulongwe
ndabaya zala makumi atatu lero.
"Musaope, kadontho kamodzi basi,"
ndimawauza, mano onse poyera.

M'thumba la yunifolomu muli makondomu
oti ndigawire anthu.
Usiku uja ku Zobwe,
dalaivala wa thiraki atanong'ona kuti
"Namwino sadwala,"
anatsala m'thumba momwemo,
ine n'kumaseka.

Tsopano odwala agona.
Felizarda wa ku labu, pakamwa pake sipatsekeka,
ndiye ndakhoma chitseko,
ndadzibaya ndekha.

Mphindi khumi ndi zisanu.
Jenereta ikutsokomola panja.
Mzere umodzi waoneka.
Malo a wachiwiri ndaphimba ndi chala chachikulu,
chomwe chija ndimapukutira ena misozi,
ndipo chikukana kusuntha.