Mahotela Awiri

Mvula ya ku Stoke sigwa, imangonyowetsa,
kuyambira Lolemba mpaka munthu kuiwala
kuti unabadwira kudziko la dzuwa.
Ndavula nsapato za kuntchito pakhomo,
ndapeza a Chikaiko kukhitchini,
magalasi pamphuno, tiyi atazizira pambali pa kompyuta.
Akuti, "Mwatitha, khala apa.
Zaka makumi awiri ndi zisanu m'banja
sizingathere pa keke yokha. Sankha."

Anali khumi ndi anayi, atsala awiri.

Yoyamba ili ku Krete,
yoyera mbuu, yokakamira paphiri ngati chisa cha namzeze,
dziwe lake losambiramo lilibe gombe,
madzi amangopita mpaka kukalowa mumtambo.
Koma kutsikira kunyanja, masitepe mazana awiri.
A Chikaiko sakunena kanthu,
akungosisita bondo lija
lakhala likuponda buleki ya basi kuchokera ku Hanley
chibwerere kuno.

Yachiwiri ili ku Malta, yamiyala yachikasu,
ili ndi chikepe, mitengo ya mandimu pabwalo,
chakudya cham'mawa mpaka leveni koloko,
ndipo pilo umachita kusankha wekha:
wa nthenga, wa thonje,
wina akuti amakumbukira mutu wako.

Ndaseka mpaka kutsokomola.
Mapilo ndine mwini wake.
Lero lokha ndayala mabedi khumi ndi asanu ndi limodzi,
ndatembenuza mayi Hollins kanayi
kuti msana usachite zilonda,
iwo akunditchula dzina la mng'ono wawo
amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Ndiye mtengo.
Milomo yanga yayamba yokha kuchulukitsa,
usiku umodzi, m'makwacha,
malata angati, fizi ya ana angati.
"Leka," akutero a Chikaiko,
"ukasintha m'makwacha sugula ngakhale buledi."
Foni nayo ngati imamva,
yanjenjemera patebulo: alamu ku Mponela,
denga likudontha pamwamba pa chimanga chotsala.
Taiyang'ana tonse awiri.
Aitembenuza chafufumimba, mwaulemu,
ngati akufunditsa mwana.
Mawa, akutero. Mawa titumiza. Lero ndi lathu.

Tikuyendanso m'zithunzi.
Khonde loyang'ana nyanja, onjezani mapaundi makumi anayi.
Khonde loyang'ana msewu, osaonjeza.
Kodi nyanja imatha ukaiyang'ana,
kuti aziigulitsa pa usiku?
Bafa lalikulu kuposa chipinda chimene tinafikira ku Luton,
tili anayi, chikho chimodzi.
Matawulo opindidwa ngati abakha awiri akupsopsonana.

Pachithunzi cha makumi awiri ndi chitatu ndati imani.
Bwererani.
M'galasi la chipinda cha ku Malta, pakona penipeni,
wojambula sanaone:
mzimayi wa yunifolomu yotuwa,
nsalu zapabedi zili pamkono,
waima ndi mwendo umodzi, winawo waupumitsa pachala,
akudikira kuti amalize alowe.
Kaimidwe kameneko ndikadziwa.
Ndi kanga, folo koloko ikakwana.

"Iyi," ndatero.
A Chikaiko akuti chifukwa cha chikepe?
Ndati eya, chifukwa cha bondo lanu.
Andiyang'ana pamwamba pa magalasi,
munthu wandidziwa ndikadali ndi mano onse:
"Ukakayala bedi kumeneko, Mwatitha,
ndikakusiya konko."

Sindinalonjeze.
Ndikudziwa ndidzadzuka sikisi koloko ngati mwa masiku onse,
manja adzayamba okha kukoka makona.
Koma tsiku limodzi, mwina lachitatu,
ndidzawagwira manjawa, ndidzawakhazika pamiyendo,
ndidzasiya zofunda zili mbwee,
envulopu pansi pa pilo wokumbukira mutu uja,
nditsike ndikakhale pansi pa mandimu
mpaka dzuwa lindizindikire.

Khadi latuluka m'chikwama.
A Chikaiko akulemba manambala ndi chala chimodzi,
akuwerenga mokweza ngati nyimbo ya m'buku.
Panja basi yomaliza yadutsa yopanda munthu,
mawindo ali mbee,
ndipo mvula ija ikadali pantchito yake.