Funso Lachinayi

Pakhomo pathu pali zikwangwani ziwiri.
Cha Wendell chili kufupi ndi msewu, chofiira, chikuti AYI.
Changa chatsamira mpanda, mphepo ya ku Montana
yachipinda khosi, komabe chikuti INDE.

Funso lachinayi lili kuseri kwa pepala lovotera,
pansi pa mayina a ofuna ubwanamkubwa:
kodi tionjezere msonkho wa nyumba
kuti ambulansi ya dera lino isaleke kuyenda?

Masabata asanu ndakhala ndikugogoda zitseko.
Agalu andizolowera, eni ake ayi.
Mayi Halvorsen anandipatsa khofi, nandibisira maganizo awo.
Mnyamata wa pagalaja anafunsa ngati ambulansiyo
idzamulipirire lendi.
Ndinasowa chonena. Ndinamusiyira kapepala,
iye napukutira girisi wa m'manja.

Wendell amati boma ndi thumba lobooka.
Amanena akudula nyama, osandiyang'ana,
ndi dzanja lomwe lija linanjenjemera chaka chatha
tsiku limene mtima wake unaphonya sitepe,
ine ndikuwerenga mphindi makumi anayi
pawindo, msewu uli zii.

Lachiwiri tinapita pagalimoto imodzi,
wailesi ikulavula malonjezo a anthu a mataye.
Mu holo ya sukulu, iye m'kachipinda kake, ine m'kanga,
kansalu kopyapyala pakati pathu.
Ndinamva cholembera chake chikukanda pepala.
Anachedwamo.

Pobwerera sanayankhule.
Anaima pachipata, nazula chikwangwani chake,
nati chipale chofewa chikubwera, chingachiononge.
Changa anachisiya.