Nyumba ya Chitseko Chobiriwira

Kuno ku Katsekaminga chisanu chimatigoneka msanga,
koma nyumba ya chitseko chobiriwira sigona.
Njinga zamoto zochokera kumalire
zimazimitsira nyali pangalande,
n'kumakankhidwa mwakachetechete ngati mbuzi zakuba.

Eni ake, a Chidzanja, ali ku Lilongwe.
Lendi imawapeza pafoni mwezi ukangotha,
yopanda fungo.
Fungo ndi lathu:
limalowa m'zovala zoyanika pachingwe,
m'mayunifolomu a ana.

Lamulungu titaweruka tinakumana pamjigo.
Esinati anathothola mapepala m'kope la mwana wake,
nati aliyense alembe dzina ndi chimene waona.
A Kamphinda analemba za batire lawo lobedwa,
Nasimango za mabotolo a mankhwala a chifuwa
amene amasesa m'mawa uliwonse
kudera kopanda wotsokomola.
Wina anati tikangoyatsa.
Tinamukumbutsa kuti kuseri kwa khomalo kumagona ana amasiye,
ndipo moto sudziwa kuwerenga nambala ya nyumba.

Cholembera chitafika kwa ine chinalemera.
Dzulo lake ndinali nditaona pakhomo paja
nsapato zimene ndinagula ndekha pamsika
nditagulitsa matumba awiri a kachewere,
za Gelesomu wanga, za zingwe zofiira.

Ndinalemba dzina langa.
M'munsi mwake ndinalemba lake.

Mawa tikupita kupolisi ndi kukhonsolo,
anthu khumi ndi anayi.
Usiku uno wolondera ndine, wenzulo m'khosi,
ndipo sindikudziwa
ngati ndikhale ndi mpweya woimbira
ndikamuona.