Ngongole Kuseri kwa Khoma

Nyumba yathu ku Kalongwezi ndi imodzi yodulidwa pakati,
khoma lake lopyapyala ngati chikuto cha buku.
Mbali iyo akhala Tikambenji Daka, namwino wa kuchipatala chachikulu.
Mbali ino ndikhala ine, wailesi,
ndi mashini osokera amene lamba wake anaduka chaka chatha.

Mphaka wake anamutcha Ngongole,
ati chifukwa amamutsata mpaka kuchimbudzi.

Dzuwa likapendeka ndimamva zonse:
madzi m'bafa, nsapato zoyera zija pasimenti,
kapenta kuwayawaya m'mbale yachitsulo,
kenaka mawu aja,
"Usunge nyumba iwe, ndibwera m'mawa."
Loko, khe!
Wanjinga aliza belu pageti.

Poyamba kumakhala zii.
Ndiyesa amayamba wadya,
ngati munthu wozolowera maliro.

Ndiye amayambapo.
Si kulira kwa njala, kumeneko ndikudziwa,
ndinalera ana anayi.
Uku ndi kufunsa.
Afunsa chitseko, adikira.
Afunsa kuchipinda chogona, adikira.
Akwera pawindo, mphuno pakati pa zitsulo,
afunsa phiri la Kanjala,
phirilo lingophethira kanyali kofiira ka pamlongoti wa mafoni.

Ine amphaka sindiwakonda, ndinene poyera.
Kwathu ku Vubwi mphaka sankadyera m'mbale,
ankadzionera yekha kunkhokwe,
ndipo ukakumana naye usiku unkalavula malovu.
Uyu ali ndi katawulo kakekake.
Uyu anakwerapo takisi kukabayitsa jekeseni,
ine bondo langa ndimalikoka wapansi.
Nanga alirira chiyani?

M'mawa Tikambenji amandiuza pawaya woyanikira zovala,
maso ali psu ndi tulo:
wang'amba katani,
wagwetsa botolo la mafuta odzola,
kapenta wasiya theka,
wagona m'dengu la zochapa, pa yunifolomu ya dzulo,
ndipo pamimba wadzinyambita, wadzinyambita,
mpaka ubweya kutha, khungu poyera.
"Atate, ndichite bwanji? Odwala nawonso amaitana."
Ndinati mphaka ndi mphaka,
ndi kulowa m'nyumba.

Tsiku lina mu Okutobala magetsi anapita,
mabatire a wailesi anali atafa kale.
Malata ankalira okha ndi kutentha.
Iye anafunsa, nafunsa, mawu mpaka kusasa.
Ndinatenga sizasi yanga yakale
ndi kugogoda khoma ndi chigwiriro chake,
kuti akhale chete basi, osati china.

Anakhaladi chete.

Kenaka m'munsi, pafupi ndi simenti,
kwee, kwee, zikhadabo.

Ndinagogodanso.
Kwee.

Kuyambira pamenepo ndi momwemo.
Ndimamuuza mtengo wa ulusi ku Kapata,
ngakhale sindisokanso.
Ndimamuuza kuti Lameki watumiza ndalama pafoni kuchokera ku Kitwe,
uthenga wake umanena kuchuluka kwake ndi tsiku,
sufunsa za bondo.
Ndinamuuzaponso za amake Lameki,
mmene ankatsokomolera asanalowe pakhomo
kuti ndibise fodya.
Zimenezo sindinauzepo ngakhale abusa.
Iye sayankha zambiri.
Nthawi zina ndimangomva thupi lake likutsamira khoma,
kapena ndimangoganiza kuti ndamva.

Sabata yatha Tikambenji anati,
"Ubweya wayamba kumera, kaya n'chiyani.
Atate, ndikusiyirenkoni kiyi?"
Ndinati ayi mwanawe, ine ndi amphaka sitimwerana madzi.
Anaisiyabe pawindo langa.
Ili pamsomali, pambali pa kalendala ya kutchalitchi.
Sindinaikhudze.
Ndimangoipukuta fumbi.

Bedi lokha ndalikokera kukhoma ilo.
Wina akafunsa ndidzati denga likudontha pamene linali,
ngakhale tonse mu Chipata muno tikudziwa
kuti mvula sinagwe chichokere Epulo.