Ndinanamizira Chitsime

Ndinafika ku Kanyama yankho lili kale m'thumba,
mabotolo makumi anayi akugundana m'chikwama.
Ana a mumzere uwu akutsekula m'mimba, ndinatero,
chifukwa cha chitsime cha kwa amake Zelipa.
Akanatsutsa ndani?
Mapazi khumi ndi awiri okha kuchoka pachimbudzi,
ndinayeza ndekha ndi nsapato zangazi,
ndipo thanthwe la pansi pa Lusaka n'lobookabooka
ngati chisa cha njuchi:
mvula ikagwa, za m'dzenje zimayenda ulendo wapansi.

A Kachingwe, ondiyang'anira pa kafukufuku,
anamvetsera akupukuta magalasi ndi tayi.
"Ganizo n'labwino. Tsono tandiuza,
uone chiyani kuti uvomere kuti walakwa?"
Ndinaseka. Iwo sanaseke.
"Lemba lero, usanatunge ngakhale dontho.
Mawa udzakhala ndi mbali."
Ndinalemba mokoka dzanja:
madzi a m'chitsime akapezeka oyera, ndanama ndine.

Lolemba m'mamawa, matope mpaka m'akakolo,
ndinatunga pachitsime, ndinatunga pampopi wa pakona,
ndi m'ndowa za m'nyumba zisanu ndi zitatu,
zandowazo mongofuna kudzaza mabotolo otsala.
Amake Zelipa anaima manja m'chiuno.
"Mukatseka chitsimechi,
ana adzamwa mapepala anuwo?"

Timbale tinagona m'kabati yofunda usiku wonse.
Ine ndinagona maso ali kudenga.

Kutacha, ta pampopi tinali mbee.
Ta chitsime, kadontho apa, kena uko, basi.
Koma ta m'ndowa!
Madontho thothotho ngati msana wa mwana wa chikuku.

Ndinati ndasokoneza zilembo.
Ndinabwerera Lachinayi mvula itangokata.
Ndinabwereranso sabata yotsatira,
kutunga pansi penipeni, kutunga pamwamba,
kusaka mlandu ngati wapolisi amene wamanga kale munthu.
Katatu konse chitsime chinayankha chimodzimodzi,
ndipo pepala lija, lolembedwa ndi dzanja langa,
linali phee m'kope, likundidikira.

Ndiye ndinasiya mabotolo kunyumba.
Ndinakhala pakhonde pa njerwa, tsiku lathunthu, ndikungoyang'ana.
Madzulo ndinaona amake Zelipa
akuyeza klorini ndi kachivindikiro, kuthira m'chitsime,
kutseka ndi lata, kutsamiza mwala.
Palibe anawafunsapo. Inenso sindinafunse.
Ndinaona Zondiwe, wa zaka zisanu,
akuchoka kuseri, kutola kapu pansi pomwe panadutsa abakha,
n'kuimiza m'ndowa mpaka m'chigongono.
Atamwa, mlongo wake anatero. Kenako mlendo. Kenako agogo ake aamuna.
Kapu imodzi, manja khumi ndi anayi.

Mtima unadumpha: ndapeza!
Ndinaugwira pakhosi. Unateronso mwezi watha.

Tsono ganizo latsopano ndalilemba ndi pensulo:
dothi likulowa pakamwa pa ndowa.
Nyumba khumi zalandira zigubu zakukamwa kothina,
zina khumi zitsala ndi ndowa zawo kwa masabata asanu ndi limodzi,
ndipo mayina tinachita kutola m'chipewa cha a Kachingwe
kuti ndisasankhe amene amandimwetulira.
Pansi pake ndalemba zondigwetsa:
timbale tikafanana uku ndi uku,
kapu nayonso ndainamizira.

Dzulo ndinapita kukapepesa.
Amake Zelipa sanayankhe msanga.
Anaponya chingwe, nakoka, natsanulira m'botolo langa lomwe.
"Imwani," anatero.
Ndinayang'ana chimbudzi chija, mapazi khumi ndi awiri.
Ndinakumbukira timbale tanga, maulendo atatu.
Ndinamwa.

Zotsatira zituluka Lachisanu.
Zondiwe akuti chigubu chatsopano n'chovuta,
dzanja silikulowa.