Mbatata ya mu Juni

Nkhungu yatsika ku Kaning'ina usiku,
yameza mitengo ya paini, yameza Katoto,
magalimoto akuyenda chopapasa ndi maso achikasu.
Ine, mlonda wa pasitolo ya matayala,
maola ndawawerenga ndi mano.

Tambala asanalire kachitatu
NyaMhango wafika, mbaula pamutu,
chitenje chachiwiri wakulunga m'khosi.
Mwezi uno sapereka moni wa dzanja.
Manja ali ndi zochita:
kukupiza makala, kutembenuza mbatata
zomwe mlamu wake anakumba ku Ekwendeni.

Za mu Juni n'zotsekemera, akutero,
zagona padzuwa, zataya madzi.
Ndikuinyema pakati, ikundiwotcha zala,
sindikudandaula.
Chilowereni dzuwa
uwu ndi moto woyamba kundikhudza.

Akabaza akufika mmodzimmodzi,
zipewa zaubweya mpaka m'nsidze.
Vitumbiko akufuna tiyi wa jinja, wangongole,
chonsecho dzina lake lili kale m'kope katatu.
NyaMhango akukalipa,
akuthira,
akuwonjezanso supuni ya shuga.

Kwathu ku Nsanje amati ndimanama
ndikawauza kuti kuno mpweya wa m'kamwa umaoneka,
kuti mafuta ophikira amagwirana m'botolo
ngati nawonso akuopa kutuluka.

Ogasiti akadzabwera ndi fumbi lake
mayiyu adzabwerera ku zitumbuwa,
ine ndidzapinda chijasi, ndidzaiwala.

Koma lero ndikutsetsereka ku Chibavi wapansi,
mawawa akunyowetsa mapewa,
theka la mbatata ndasungira Tapiwa
m'thumba la mkati.
Likutenthabe panthiti.