Babu Losamva

Dzuwa linatsazika mu Novembala,
lidzabwerera Januwale akamapita kumapeto.
Kuno ku Tromsø masana timangowamva ngati mphekesera.

Ndiye Ingunn, mwana wanga, wanditumizira babu kuchokera ku Oslo.
Akuti limamvera foni.
Akuti m'mawa liziwala pang'onopang'ono
ngati mbandakucha weniweni,
kuti bambo ake asamadzuke mumdima wa bii.

Ndakwera pampando, mawondo akudandaula,
ndalizungulitsa, lalowa, layaka mbee.
Koma foni ikuti: Palibe chomwe chapezeka.
Palibe bwanji?
Si ili pamwamba pa dazi langa?

Kagudumu kakuzungulira pagalasi,
kuzungulira, kuzungulira,
ngati galu wofuna pogona.

Bulututhi ndayatsa.
Ndasendera pafupi, foni m'mwamba
ngati ndikupereka nsembe.
Kabuku ka malangizo, zilembo ngati nyerere,
kakuti babuli siligwirizana ndi netiweki yothamanga,
limafuna yoyenda mwachifatse, ya 2.4.
Apo ndalimvetsa. Tafanana.

Ndatembenuza rauta kufuna pasiwedi.
Kunsi kwake kwamatidwa kapepala,
dzanja la Aslaug, zilembo zopendekera kumanja:
dzina la boti lathu loyamba
ndi chaka chimene tinaligula pangongole.
Ndakhala pansi kaye.
Zaka zitatu chiikireni maliro, inki sinasuluke.

Ndalemba. Chala chaphonya. Ndalembanso.
Palibe chomwe chapezeka.

Tsamba lomaliza likuti:
zimitsani, yatsani, kasanu konse,
babu liiwale zonse zimene likudziwa.
Kuiwala kukanakhala kophweka chonchi!
Thimu. Ngwee.
Thimu. Ngwee.
Kachitatu kapena kachinayi?
Ndasokonezeka, ndayambiranso,
ine Torleif, amene ndinkakonza injini za zombo pakati pa mafunde,
lero ndikukangana ndi swichi ya pabalaza.
Thimu. Ngwee. Thimu.

Gogogo!

Ndi Gunnhild wa kutsidya kwa msewu,
jekete pamwamba pa zovala zogonera,
chipale chofewa m'tsitsi, ali wefuwefu.
"Ndaona zenera lanu likuphethira.
Ndimayesa mwagwa, mukuitana anthu."

Zaka zisanu ndi chimodzi
takhala tikungokwezerana dzanja patali,
aliyense ndi fosholo yake pakhomo pake.
Mawu ake sindinkawadziwa kuti ndi osasa chonchi.

Ndatereka khofi.
Wavala mandala anga, ake waiwala pothamanga,
wayesa ndi foni yake.
Nayonso yazungulira, yazungulira, yakana.
Waseka mpaka kutsokomola.
Akuti kwake kuli wotchi ya pauvuni
imene ikunama nthawi kuyambira Okutobala.
Ndalonjeza kukaiona Lachinayi.

Ingunn waimba: "Bambo, zatheka?"
Ndayang'ana makapu awiri patebulo,
nsapato zonyowa pakhomo zikudontha madzi.
"Foni lakana," ndatero,
"koma laitana munthu."
Sanamvetse. Akuti adzakonza akabwera pa Khirisimasi.

Pamwamba pathu babu likungoyaka,
loyera, louma mutu,
losamvera aliyense koma swichi.